Mapulogalamu a pafoni ochepetsa thupi kwa atsikana ndi amayi achitsikana m'boma la Phalombe

Mapulogalamu a pafoni ochepetsa thupi ndi njira zothandiza munthu kuchepetsa kunenepa, kapena kupewa kunenepa mopitirira muyezo, kudzera pa foni, intaneti kapena kompyuta, popanda kukumana maso ndi maso ndi mlangizi nthawi zonse. Ena amatumiza mauthenga a SMS, ena ndi mapulogalamu oika m'foni yamakono, ndipo ena ndi magulu a pa WhatsApp ndi Facebook. Ena amapangidwira atsikana ndi amayi a zaka za pakati pa 18 ndi 35, chifukwa pa msinkhu umenewu thupi limakonda kukwera msanga: munthu amasiya sukulu ndi masewera, amayamba ntchito kapena geni, amalowa m'banja ndiponso amabereka.

Ochuluka mwa mapulogalamuwa anapangidwa ku America, ku Ulaya ndi ku Australia, kumene vuto lalikulu ndi kuchuluka kwa chakudya. M'boma la Phalombe, kum'mwera kwa Malawi, zinthu n'zosiyana. Kunenepa kukukula pakati pa amayi monga m'madera ena a dzikoli, koma kunyentchera, kuchepa kwa magazi ndi njala ya chaka ndi chaka zidakalipo, nthawi zina m'nyumba imodzimodziyo. Pa chifukwa chimenechi, uphungu umene ungathandize mayi wonenepa wa pa Migowi ukhoza kuvulaza mtsikana woonda wa ku Nkhulambe, ngakhale onse awiri alandira uthenga wofanana pa foni.

## Kuyeza kunenepa

Njira yodziwika kwambiri yoyezera kunenepa imatchedwa BMI. Masamu ake anayambitsidwa ndi Adolphe Quetelet wa ku Belgium m'zaka za m'ma 1830, ndipo dzina lakuti BMI linafala kuchokera mu 1972 kudzera mwa katswiri wa ku America, Ancel Keys. Kuti apeze BMI, amatenga kulemera kwa munthu m'makilogalamu n'kugawa ndi msinkhu wake m'mamita wochulukitsidwa ndi msinkhu womwewo. Mwachitsanzo, mayi wotalika mamita 1.6 amene akulemera makilogalamu 70 ali ndi BMI ya 27.3, chifukwa 1.6 kuchulukitsa ndi 1.6 ndi 2.56, ndipo 70 kugawa ndi 2.56 ndi 27.3.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limagawa anthu akuluakulu motere:

* BMI yosafika 18.5: woonda mopitirira muyezo
* 18.5 mpaka 24.9: thupi loyenera
* 25 mpaka 29.9: wonenepa
* 30 kupita m'tsogolo: wonenepa kwambiri

Kwa mayi wotalika mamita 1.6, thupi loyenera lili pakati pa makilogalamu 47 ndi 64. Muyezo wina ndi wa m'chiuno. Kwa amayi, chiopsezo cha matenda chimayamba kukwera m'chiuno mukapitirira masentimita 80, ndipo chimakula kwambiri mukapitirira masentimita 88.

Miyezo imeneyi sigwira ntchito kwa amayi oyembekezera. Kwa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 19, WHO imagwiritsa ntchito matchati ena amene amaganizira zaka za mwanayo, popeza thupi lake limakhala lidakakula.

## Mbiri

Magulu othandizana kuchepetsa thupi anayamba kale foni za m'manja zisanabwere. Mu 1963, Jean Nidetch anakhazikitsa Weight Watchers mumzinda wa New York. Amayi ankakumana mlungu uliwonse, kukwera pa sikelo ndi kukambirana za kadyedwe kawo. Intaneti itafala, ntchito yomweyo inasamukira pa kompyuta, kenaka pa foni. MyFitnessPal, pulogalamu yolembamo zakudya ndi kuwerengera makalori, inayamba mu 2005. Kampani ya Noom inakhazikitsidwa mu 2008, ndipo inatchuka ndi maphunziro afupiafupi a tsiku ndi tsiku ofuna kusintha zizolowezi za munthu.

Ku Malawi, uphungu wa zaumoyo pa foni unayambira pa uchembere ndi ana. Mu 2011 bungwe la VillageReach, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, linayambitsa Chipatala Cha Pa Foni m'boma la Balaka. Ntchitoyi inafalikira m'maboma onse 28, inawonjezera nkhani za kadyedwe ndi za achinyamata, ndipo kenaka inaperekedwa m'manja mwa undunawo. Nambala yake ndi 54747, ndipo woimba amalankhula ndi wogwira ntchito zaumoyo m'Chichewa. Palinso nambala ya 321 ya pa Airtel, imene munthu amamverapo mauthenga ojambulidwa kale a zaumoyo, kadyedwe ndi ulimi. Njira ziwirizi sizinapangidwire kuchepetsa thupi, koma zimagwira ntchito pa foni ya mabatani, imene ndi yofala m'midzi ya ku Phalombe.

## Mitundu ya mapulogalamu

Mauthenga a SMS ndi a mawu. Awa amafika pa foni iliyonse ndipo safuna bandulo ya intaneti. Amakumbutsa munthu za cholinga chake, monga kuchepetsa shuga m'tiyi kapena kuyenda pansi. Mauthenga a mawu amathandizanso amene kuwerenga kumawavuta.

Mapulogalamu oika m'foni yamakono. Munthu amalembamo zimene wadya, ndipo pulogalamuyo imawerengera makalori. Ena amawerenga masitepe amene munthu wayenda pa tsiku. Ambiri ali m'Chingerezi, ndipo mbali zina zimafuna kulipira mwezi ndi mwezi.

Magulu a pa WhatsApp ndi Facebook. Mamembala amatumizirana zithunzi za chakudya, kulengeza kulemera kwawo ndi kulimbikitsana. Magulu ena amatsogozedwa ndi ophunzitsa masewera olimbitsa thupi kapena akatswiri a kadyedwe, ndipo malipiro amadutsa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Ena cholinga chawo chenicheni ndi kugulitsa tiyi, mapilisi kapena malamba omanga pamimba.

Mavidiyo a pa TikTok ndi YouTube. Amaonetsa masewera ochitira pakhomo ndi kaphikidwe. Palibe amene amayeza woonerayo kapena kumufunsa za umoyo wake.

Mlangizi wa pa foni. Apa pamakhala munthu weniweni, monga namwino kapena katswiri wa kadyedwe, amene amaimba foni kapena kuyankha mafunso pa nthawi zoikika.

## Mmene amagwirira ntchito

Thupi limasunga mafuta pamene mphamvu zolowa kudzera m'chakudya zikuposa zimene likugwiritsa ntchito. Mphamvuzi zimayezedwa m'makalori. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene galamu ya zakudya zokhutitsa kapena zomanga thupi ili ndi makalori 4. N'chifukwa chake supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira imawonjezera makalori pafupifupi 120 m'ndiwo, ngakhale m'mbale simuoneka kusintha.

Foni payokha sichepetsa thupi. Ntchito yake ndi kuthandiza munthu kuchita zinthu zinayi zimene zinadziwika kale kuti zimathandiza: kuika cholinga chotheka, kulemba zimene akudya ndi kulemera kwake, kulandira ndemanga pa zimene walembazo, ndi kukhala ndi anzake omulimbikitsa. Mwa zinayizi, kudzilembera mosadumphadumpha ndiko kumayenderana kwambiri ndi kutsika kwa thupi.

Cholinga chimene madokotala amavomereza kwa munthu wonenepa n'chochepa kusiyana ndi chimene otsatsa malonda amalonjeza. Kuchepetsa 5 mpaka 10 peresenti ya kulemera kwa thupi pa miyezi isanu ndi umodzi kumatsitsa kale shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kwa mayi wa makilogalamu 80, chiyambi chake ndi makilogalamu 4 okha. Kafukufuku wa Diabetes Prevention Program wa ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anapeza kuti anthu amene anali pa chiopsezo cha matenda a shuga, atathandizidwa kuchepetsa thupi pang'ono ndi kuchita masewera mphindi 150 pa mlungu, anachepetsa chiopsezocho ndi 58 peresenti. Mapulogalamu ambiri a pafoni anatengera maphunziro awo pa kafukufuku ameneyu.

## Kunenepa ku Malawi

Malinga ndi WHO, mu 2022 anthu akuluakulu okwana 2.5 biliyoni pa dziko lonse anali onenepa, ndipo 890 miliyoni mwa iwo anali onenepa kwambiri. Ku Malawi vutoli likukhudza amayi kuposa abambo. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kapena onenepa kwambiri, kuchoka pa 17 mu 2010. Kafukufuku wina wa bungwe la MEIRU, amene anachitika ku Karonga ndi ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe ndipo anasindikizidwa mu 2018, anapeza kunenepa mwa amayi 44 pa 100 alionse a m'tauni ndi 27 a kumudzi, poyerekeza ndi abambo 18 a m'tauni ndi 9 a kumudzi. Ziwerengerozi zinaonetsa kuti kunenepa kwafika ndi kumudzi komwe.

Kafukufuku yemweyo wa 2015 mpaka 2016 anaonetsanso mbali ina. Amayi 7 pa 100 alionse anali oonda mopitirira muyezo, mayi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi magazi ochepa, ndipo ana 37 pa 100 alionse osafika zaka zisanu anali opinimbira. Atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati. Akatswiri amanena kuti dziko lotere lasenza mitolo iwiri nthawi imodzi, wa kusowa chakudya ndi wa kunenepa. Mitolo iwiriyi ndi yolumikizana, chifukwa mwana amene anapinimbira ali wamng'ono amakhala pa chiopsezo chachikulu cha shuga ndi kuthamanga kwa magazi akadzanenepa atakula.

## M'boma la Phalombe

### Dera ndi anthu

Phalombe anakhala boma palokha mu 1998, atapatulidwa ku Mulanje. Bomali lili pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi chakum'mwera, nyanja ya Chilwa chakumpoto, ndi malire a Mozambique chakum'mawa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 429,450, ndipo ambiri ndi Alomwe okhala kumudzi. Mbewu zazikulu ndi chimanga, nandolo, mapira, mpunga, chinangwa, mpendadzuwa ndi fodya. Chipatala chachikulu cha boma chili ku Migowi, ndipo palinso chipatala cha mishoni cha Holy Family pamodzi ndi zipatala zazing'ono monga za Nambazo, Mpasa, Chitekesa ndi Nkhulambe.

Moyo wa mayi wa kumudzi uli kale ndi ntchito zambiri zolimbitsa thupi: kulima, kupalira, kutunga madzi, kutola nkhuni, kusinja ndi kuyenda mtunda kupita kuchigayo. WHO imalangiza munthu wamkulu kuchita ntchito zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, ndipo mlimi amafika pamenepo m'masiku ochepa a dzinja. Pulogalamu yowerenga masitepe siona zambiri mwa ntchitozi, chifukwa foni imatsala kunyumba kapena kotchajitsa. Kusintha kumaoneka kwambiri m'malo a malonda monga Migowi, Chiringa ndi pa boma pa Phalombe, kumene mayi amakhala pa benchi kapena m'golosale tsiku lonse, amakwera kabaza m'malo moyenda, ndipo chakudya chapafupi ndi chipisi cha pachiwaya, mandasi ndi zoziziritsa kukhosi.

### Foni ndi magetsi

Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi mmodzi yekha mwa atatu alionse ku Malawi anali ndi foni yakeyake, pamene kwa abambo anali oposa theka. Kumudzi, nyumba 4 zokha pa 100 zilizonse zinali ndi magetsi. Mafoni achuluka kuchokera nthawi imeneyo, koma m'mabanja ambiri foni ndi yobwerekana, imatchajidwa pa sola kapena pa shopu molipira, ndipo bandulo imagulidwa ya tsiku limodzi. Pulogalamu yofuna intaneti katatu pa tsiku imakhala yovuta kuitsatira. Foni yobwerekana imatanthauzanso kuti mauthenga onena za thupi la mtsikana akhoza kuwerengedwa ndi mwamuna wake, mchimwene wake kapena makolo.

Sikelo nayo sipezeka m'nyumba zambiri. Amayi ambiri amadziwa kulemera kwawo akapita kusikelo ya amayi oyembekezera, ku kulera kapena kolandirira mankhwala, ndipo zimalembedwa m'buku lawo la kuchipatala.

### Zakudya

Mndandanda wa zakudya wa m'mapulogalamu akunja unalembedwa potengera zakudya za m'mapaketi zokhala ndi miyezo yodziwika. Chakudya cha ku Phalombe sichiyezedwa motero. Nsima imaomoledwa ndi chipande, mitanda imasiyana kukula, ndipo nthawi zambiri anthu amadyera m'mbale imodzi. Kalongonda, makaka, futali, thobwa, chigwada chotendera ndi matemba a ku Chilwa ndi zakudya zovuta kuzipeza m'mindandanda imeneyo. Munthu amasankha chakudya china chofananako, ndipo chiwerengero cha makalori chimene amapatsidwa chimasokonekera.

Uphungu wa boma la Malawi pa kadyedwe sudalira kuwerenga makalori. Umagwiritsa ntchito magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za nyemba, za nyama, za masamba, zipatso ndi za mafuta. Uphungu umenewu ndi umene amaphunzitsa alangizi a zaumoyo ndi magulu a amayi m'midzi, ndipo umathandiza woonda ndi wonenepa yemwe, kusiyana kwake kuli pa kuchuluka. Kwa mayi wonenepa, kusintha kotheka ndi monga kuchepetsa mitanda ya nsima n'kuchulukitsa ndiwo za masamba monga nkhwani, bonongwe, chisoso ndi therere, kudya mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, kudya nandolo ndi khobwe kawirikawiri, ndi kuchepetsa mafuta okazingira. Botolo la zoziziritsa kukhosi la mamililita 300 limakhala ndi shuga wokwana pafupifupi masupuni aang'ono 8, pamene malire a WHO kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi masupuni 12 pa tsiku lonse, kuphatikizapo wa m'tiyi ndi m'phala. Malire a mchere ndi magalamu 5 pa tsiku.

Uphungu wofala m'magulu a pa intaneti wakuti munthu asiyiretu nsima ndi wovuta kuutsatira m'banja limene nsima ndiyo chakudya chodalirika. Zakudya zimene amati zilowe m'malo mwake, monga nyama, mazira ambiri ndi zipatso za m'sitolo, ndi zokwera mtengo.

### Nyengo ya njala ndi ngozi

Kulemera kwa anthu a kumudzi kumasintha ndi nyengo. Kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi nkhokwe zimakhala zitatha pamene ntchito ya kumunda ndi ganyu zili pachimake, ndipo thupi limatsika lokha. Limabwerera pambuyo pa kukolola, cha mu Epulo ndi Meyi. Pulogalamu yopangidwira kunja sidziwa kalendala imeneyi, ndipo ikhoza kuyamikira munthu chifukwa chotsika thupi pamene chomwe chamutsitsa ndi njala.

Phalombe ndi dera limene ngozi za madzi zimagwa kawirikawiri. Mu Malichi 1991 napolo wochokera m'phiri la Michesi anapha anthu mazanamazana, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda, nyumba ndi misewu, makamaka m'dera la Nkhulambe. Pa nthawi zotere mabanja amadalira chakudya cha chithandizo, ndipo nkhani yosankha zakudya imatha.

### Maganizo a anthu pa thupi

M'madera ambiri a Malawi thupi lodzaza limaonedwa ngati chizindikiro cha mtendere. Mayi akanenepa atakwatiwa, anthu amati banja lamuyanja. Kuonda kwadzidzidzi kumabweretsa manong'onong'o, chifukwa m'zaka zimene Edzi inkapha anthu ambiri mankhwala asanabwere, matendawa ankadziwika ndi dzina lakuti kaliwondewonde. Mayi amene dokotala wamulangiza kuchepetsa thupi akhoza kuopa zimene apongozi ndi anansi anganene.

Nthawi yomweyo, zithunzi za pa Facebook, Instagram ndi TikTok zimaonetsa atsikana thupi lina: mimba yophwa, chiuno chaching'ono ndi mbina yaikulu. Zithunzi zambiri zotere zimakhala zokonzedwa pa foni. Motero pa masamba omwewo pamagulitsidwa mankhwala oondetsa ndi mankhwala onenepetsa.

### Mankhwala amene amakhudza thupi

Jakisoni wolera wa miyezi itatu, amene ndi njira yofala kwambiri ya kulera ku Malawi, amanenepetsa amayi ena. Mankhwala a ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene Malawi anayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019, nawonso amayenderana ndi kukwera kwa thupi, makamaka kwa amayi. Ena amanenepa chabe chifukwa thupi likuchira. Madokotala amachenjeza kuti kusiya ma ARV chifukwa choopa kunenepa n'koopsa kwambiri, popeza kachilombo kamachulukanso ndipo kakhoza kuyamba kupima mankhwala. Nkhani ya kulera nayo imakambidwa ndi namwino, amene angathe kupereka njira ina. Pulogalamu imene sifunsa za mankhwala amene munthu akumwa imaphonya mbali imeneyi.

## Zimene kafukufuku wapeza

Mu 2014, ofufuza a ku Los Angeles anasindikiza zotsatira za odwala 212 onenepa. Theka anapatsidwa MyFitnessPal, theka lina ayi. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, kulemera kwa magulu awiriwo sikunasiyane kwenikweni, ndipo ambiri anali atachepetsa kwambiri kutsegula pulogalamuyo mwezi woyamba utangotha.

Kafukufuku wa CITY wa ku Duke University, wosindikizidwa mu 2015, anatsatira achinyamata 365 a zaka 18 mpaka 35 kwa zaka ziwiri. Amene anapatsidwa pulogalamu ya pafoni yokha sanachepe thupi kuposa amene anangolandira timapepala ta uphungu. Amene anali ndi mlangizi anachepa kwambiri pa miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, koma kusiyanako kunatha pofika kumapeto.

Ku University of Newcastle ya ku Australia anapanga pulogalamu ya atsikana ndi amayi achitsikana okhaokha yotchedwa Be Positive Be Healthe, yophatikiza tsamba la pa intaneti, SMS, imelo ndi masamba a mchezo. Itayesedwa pa amayi 57 kwa miyezi isanu ndi umodzi, kadyedwe kawo kanasintha, mwachitsanzo anayamba kudya masamba ambiri, koma kulemera sikunasiyane moonekeratu ndi kwa gulu lofanizira.

Kafukufuku wa Shape wa ku North Carolina, wosindikizidwa mu 2013, anatenga njira ina. Amayi akuda 194 a zaka 25 mpaka 44, ambiri opeza movutikira, sanauzidwe kuti aonde. Cholinga chinali kusunga thupi pamene lili kuti lisakwere. Ankalandira foni ya mawu ojambulidwa mlungu uliwonse yowafunsa za zizolowezi zawo, ndi foni ya mlangizi mwezi uliwonse. Patatha chaka, anali atatsika pafupifupi kilogalamu imodzi, pamene anzawo a gulu lofanizira anakwera pang'ono. Njira imeneyi ikufanana ndi zimene zingatheke ku Phalombe: imagwira pa foni ya mabatani, imalumikizidwa ndi chipatala cha m'dera, ndipo sitsutsana ndi anthu amene saona kuonda ngati kukongola.

Zofufuzazi zimagwirizana pa mfundo zitatu. Kutsika kwa thupi kumakhala kochepa, anthu ambiri amasiya msanga, ndipo zotsatira zimakhala bwino pakakhala munthu weniweni wotsatira wodwalayo. Malangizo a WHO a 2019 okhudza ntchito zaumoyo za pafoni amanenanso kuti njirazi ziziwonjezera pa chithandizo cha kuchipatala, osati kulowa m'malo mwake.

## Zoopsa

Kusala chakudya kwa amene sakufunika kutero. Mtsikana amene adakakula, mayi woyembekezera, woyamwitsa mwana wakhanda, wa magazi ochepa kapena wodwala chifuwa chachikulu amafunika chakudya chokwanira. Mayi woonda ndi wa magazi ochepa amakhala pa chiopsezo chobereka mwana wochepa thupi ndiponso chovutika kwambiri akataya magazi pobereka.

Matenda a kadyedwe. Kuwerenga makalori ndi kukwera pa sikelo mosalekeza kumayambitsa kapena kukulitsa nkhawa mwa atsikana ena. Zizindikiro zake ndi kudzimana chakudya, kudzisanzitsa, kumwa mankhwala otsegula m'mimba, kusiya kusamba mwezi ndi mwezi, ndi kudziona wonenepa pamene ali woonda.

Tiyi ndi mapilisi oondetsa. Tiyi wambiri wotere amakhala ndi mankhwala otsegula m'mimba monga senna, kapena okodzetsa. Sikelo imatsika chifukwa madzi achoka m'thupi, mafuta ali pomwepo. Kutsegula m'mimba kwambiri kumachepetsanso mphamvu ya mapilisi olera. Mankhwala a sibutramine, amene anachotsedwa pa msika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa choonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko, akhala akupezeka atabisidwa m'zinthu zolembedwa kuti ndi zitsamba. Mu Juni 2024 WHO inachenjeza za majakisoni achinyengo a semaglutide, mankhwala a shuga ndi kunenepa amene amafunika kulembedwa ndi dokotala.

Kubisika kwa matenda. Kuonda kopanda chifukwa kukhoza kukhala chizindikiro cha chifuwa chachikulu, HIV, shuga kapena khansa. Kutupa kwa miyendo ndi nkhope si kunenepa, ndipo kwa mayi woyembekezera ndi chizindikiro chofunika kuthamangira nacho kuchipatala.

Chinsinsi. Mu 2018 akuba a pa intaneti anapeza zambiri za maakaunti pafupifupi 150 miliyoni a MyFitnessPal. Mu 2022 kampani ya WW, imene kale inali Weight Watchers, inalipira chindapusa cha madola 1.5 miliyoni ku America chifukwa pulogalamu yake ya ana ya Kurbo inkatolera zambiri za ana popanda chilolezo choyenera cha makolo. M'magulu a pa WhatsApp, zithunzi za thupi zimene membala watumiza zikhoza kufalitsidwa kunja kwa gululo.

## Malamulo

Ku Malawi, mankhwala amayenera kulembetsedwa ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo miyezo ya zakudya imayang'aniridwa ndi Malawi Bureau of Standards. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act linakhazikitsidwa mu 2024, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Malonda ambiri a pa masamba a mchezo amachitika pakati pa anthu awiri, malipiro n'kudutsa pa foni, motero ndi ovuta kuwalondola. Makampani ena anaika malamulo awoawo. Mu 2019 Instagram inayamba kubisa malonda a zinthu zoondetsa kwa osafika zaka 18, ndipo mu 2021 Pinterest inaletsa malonda onse onena za kuchepetsa thupi.

## Zizindikiro za pulogalamu yodalirika

Pulogalamu yodalirika imayamba ndi kuyeza. Imafunsa zaka, msinkhu, kulemera, ngati mayi ali ndi pakati kapena akuyamwitsa, ndi mankhwala amene akumwa, ndipo imabweza amene sakufunika kuchepetsa thupi. Silonjeza kutsika koposa theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa mlungu, siletsa gulu lathunthu la zakudya, ndipo sikakamiza munthu kugula tiyi kapena mapilisi. Imatchula amene akuiyendetsa ndi maphunziro ake, ndipo imatumiza munthu kuchipatala pakaoneka vuto.

M'boma la Phalombe, kuyeza kulemera, msinkhu ndi kuthamanga kwa magazi kumachitika kwaulere m'zipatala za boma, ndipo alangizi a zaumoyo amafika m'midzi kudzera m'masikelo a ana a mwezi ndi mwezi. Miyezo yolembedwa m'buku la kuchipatala ndi imene imasonyeza ngati mtsikana kapena mayi akufunika kuchepetsa thupi, kulisunga pamene lili, kapena kuwonjezera chakudya.